Ekisi Wofiira pa M'bawa wa Bambo

Lolemba

Ntchito yapezeka! Zaka zisanu chipumireni pa ukalaliki wa ku esiteti ya fodya, lero ndagwiranso fomu m'manja.

Kwabwera mayi Chisale a ku ofesi ya boma yoona za mitengo, mtsikana wa magalasi, wolankhula ngati basi ikumusiya. Atisonkhanitsa ife a komiti ya dera lathu, ationetsa pa foni chithunzi cha tauni yathu ya Kasungu chojambulidwa kuchokera kumwamba. Malata, malata, malata, fumbi. Zobiriwira zili apo ndi apo ngati ndiwo zotsalira m'mbale. Akuti mvula ikagwa kubwera mbande za mitengo, koma poyamba akufuna kudziwa: mitengo ilipo ingati, ili pati, mthunzi wake ndi waukulu bwanji, ndipo yatsopano ingabzalidwe pati. Chithunzi sichisiyanitsa mango ndi tchire, ndiye pakufunika munthu woyenda pansi. Fomu ibwerere Lolemba likubwerali.

Anzanga onse ayang'ana pansi. A wapampando akuti bondo. A msungichuma akuti ali ndi ulendo wa ku Chisemphere, umene ndikukhulupirira kuti auganiza pomwepo. Ine mlembi ndakweza dzanja mofulumira kuposa mmene munthu wamkulu amayenera.

Chifukwa chake ndilembe muno, poti buku ili siliuza munthu. Mayi Chisale anena kuti mitengo ikuluikulu yakale idzaikidwa pa mndandanda wapadera, idzapatsidwa kachitsulo ka nambala, ndipo palibe adzaidule popanda chilolezo. Pomwepo mtima wanga wathamangira ku m'bawa wa pa mphambano.

M'bawa umenewo anabzala ndi malemu bambo anga. Anachokera ku Mulanje kudzakhala tenanti kuno, ndipo zaka makumi awiri analima fodya pa nthaka ya mwini. Lamulo la pa esiteti linali lodziwika: tenanti asabzale mtengo. Ukabzala mtengo ndiye kuti ukunena kuti malowo ndi ako. Chimanga bzala, maungu bzala, chilichonse chimene chimafa chaka chomwecho. Atapeza kapuloti kawo kuno ku boma, asanaumbe njerwa ngakhale imodzi, anayamba akumba dzenje la mtengo. Atamwalira, puloti tinagulitsa. Ana asanu ndi awiri, puloti imodzi, panalibe kuchitira mwina. Pano ndi ya a Mwale, mlimi wa fodya amene munda wake uli ku Chulu, munthu wabwinobwino, koma chaka chilichonse amadandaula kuti masamba akuwawoletsera malata. Chaka chilichonse ine ndimamva, n'kuopa kuti tsiku lina audula. Ndimakhala nyumba ya lendi misewu iwiri kuchokera pamenepo, ndipo ndimadutsa pa m'bawa tsiku ndi tsiku, nthawi zina popanda kopita.

M'bawawo ukangolowa pa mndandanda, ine ndagona tulo.

Zofunika mawa:
fomu,
tepi yosokera ya akazi anga a Nabanda (sakudziwa),
jekete langa lakhaki la ku esiteti,
chipewa,
cholembera pa mtengo, kuti ndisawerenge kawiri.

Chomalizachi n'chachikulu. Ku esiteti belo la fodya likawerengedwa tinkalilemba ekisi ndi choko, basi, mkangano palibe. Zaka makumi atatu sindinawerengepo belo kawiri. Choko pa khungwa sichigwira. Koma kuseri kwa nyumba kuli chitini cha penti wofiira, wotsala pamene eni nyumba ankapaka chitseko. Ndatsegula. Akadali wamoyo!

Lachiwiri

Sikisi koloko m'mawa ndili kale pa mphambano. Nambala wani: m'bawa. Wina aliyense akanayamba kumunsi kwa msewu, ine ayi.

Tepi ya a Nabanda yathera pakati pa ulendo wozungulira thunthu. Ndapempha akabaza amene amaimika njinga pamenepo kuti andithandize. Ndalemba: "Kunenepa: amuna atatu atagwirana manja." Ku ofesi akasinthe okha.

Ndabwereranso masana kudzayeza mthunzi. Masitepe 26 kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Ndayenda kawiri, osati pokayika, koma chifukwa zimandikoma. M'kati mwa masitepe amenewo muli:
akabaza asanu ndi anayi,
mayi wa tomato ndi benchi yake,
wosoka nsapato,
bawo limodzi ndi oonerera ake,
galu wopanda mwini.
Fomu ilibe polemba zimenezi. Ndalemba kumbuyo.

Ekisi wa pa m'bawa ndamulemba modekha, wamkulu, waukhondo, woti ngakhale chithunzi cha kumwamba chija chimuone.

Mafunso amene fomu sikuyankha:
Papaya ndi mtengo? Ndavomera, monyinyirika.
Nthochi? Ayi.
Chitsa chimene chaphukira? Chikuyesetsa, koma ayi.
Mango amene thunthu lake lili kwa a Phiri, mthunzi uli kwa a Zimba, zipatso zimagwera mumsewu, ndi a ndani? Mabanja awiriwa sanalankhulane zaka zitatu chifukwa cha funso lomweli. Ndalemba ekisi n'kuchokapo msanga.

Ndipo mthunzi sukhala pamodzi. Ukauyeza naini koloko uli kuno, ukabwera thuu koloko wasamukira kwa aneba. Moyo wanga wonse ndawerenga zinthu zomangidwa ndi chingwe, zokhala phee pa sikelo. Ichi n'chinthu china. Ndikuona kuti munthu amabzala mtengo pakhomo pake, koma theka la tsiku umatumikira anthu ena.

Anthu akufunsa. "Kodi madala, chikuchitika n'chiyani?" Ine, osakweza mutu pa fomu: "Ntchito ya boma. Mudzamva." Ndivomere, mawu amenewa akukoma m'kamwa. Ndawanena mwina kakhumi. Pakhomo pena anditulutsira mpando, pena thobwa. Bambo wina wavula chipewa. Chipumireni pa ntchito palibe amene anandiimirirapo, kupatula mu minibasi, ndipo apo amakhala akutsika.

Msewu woyamba watha. Mitengo 41, ekisi aliyense pamalo pake.

A Nabanda apeza dontho la penti pa tepi yawo. Zimene anena sindilemba.

Lachitatu

Lero ndi msewu wachiwiri. Podutsa woyamba m'mawa ndati ndilonjere ntchito yanga ya dzulo.

Nambala 7, kesha, palibe. Chitsa chokha, choyera, chonyowa. Ndayang'ana fomu, ndayang'ana chitsa. Nambala 12 ndi 13, malaina awiri a pa geti ya wogulitsa makala, palibe. Nambala 20 ali chigonere, ana akuthyola nthambi.

Ndafufuta bwinobwino. 41 wasanduka 37. Kalaliki amalemba zimene zilipo.

Ndaganiza motere: uno ndi Okutobala. Anthu akuwotcha njerwa mvula isanabwere, alimi akusonkhanitsa mphanda zomangira zigafa zoyanikamo fodya. Mitengo imavutika nyengo ino. N'chifukwa chake ntchito yangayi ndi yofulumira! Ndawonjezera liwiro. Pofika wani koloko msewu wachiwiri wonse ndamaliza, mitengo 29, penti watsala pang'ono pansi pa chitini. Yonse pamodzi imene ndalemba ndi 70.

Pobwerera, nkhwangwa paliponse. Go! Go! Go! Kutsogolo, kumbuyo, kuseri kwa mipanda. Fumbi lasakanikirana ndi fungo la mtengo wauwisi.

Mayi wina, amene gwafa wake ndinamulemba dzulo, wandiimitsa, wapinda maondo: "Zikomo bambo potitsina khutu. Ena akanangofika osanena." Wandipatsa kamtolo ka nkhuni. Ndalandira. Ndathokoza! Ndanyamula mpaka kunyumba, njira yonse ndikudzifunsa kuti khutu lake ndatsina liti.

A Nabanda ayang'ana nkhunizo. Atembenuza chipika chimodzi ndi phazi, pali theka la ekisi wanga. Akhala pansi pang'onopang'ono.

"Inu, mwalemba ekisi wofiira pa mitengo ya anthu?"

Ndafotokoza za mabelo.

"Munali kuti chaka chimene ankakuza msewu waukulu?"

Ndinali ku esiteti, ndikuwerenga mabelo. Kunyumba ndinkabwera kumapeto kwa mwezi.

Andiuza. Kunabwera anthu a majekete, mafomu ndi matepi, n'kumalemba ekisi wofiira pa mipanda, pa maokala, pa mitengo. Ukawafunsa, amvekere mudzamva. Patapita masabata, buludoza. Amene anadikira anaonerera mitengo yawo ikukwezedwa pa lole, osatsala ngakhale kanthambi kowiritsira tiyi. Amene anadula okha usiku ndi usana anamanga zigafa, anawotcha njerwa, ena anakhoma mipando. Anthu a kuno anaphunzira kamodzi, ndipo sanafunenso kubwereza kalasi.

Jekete. Fomu. Tepi. Penti wofiira. Mudzamva.

Mayi ine!

Ndakhala pakhonde ndithu, manja m'mutu. Kenako ndakumbukira pamene pali ekisi wamkulu kuposa onse. Ndathamanga, munthu wa msinkhu wanga, patapata m'manja. M'bawa ulipo. Akabaza alipo, galu alipo. Ekisi akuwala ndi dzuwa lamadzulo, woonekera kuchokera kutali, monga mmene ndinafunira.

Lachinayi

Pulani yatsopano:
1. Jekete litsale kunyumba.
2. Khomo ndi khomo, kufotokoza kuti palibe amene akudula mitengo.
3. Kukaonana ndi a Mwale.

Mayankho amene ndalandira pa nambala 2:
"Inde bambo, tamva." Nkhwangwa ili kumbuyo, abisa ngati mwana wobisa shuga.
"Aja a msewu ankateronso."
"Mukanakhala kuti simudula, bwenzi mutalemba wobiriwira."
"Mwavuliranji jekete? Zafika poipa eti?"

Ndikamakana kwambiri, m'pamene akugwedeza mutu mondimvera chisoni, ngati munthu amene waletsedwa kuulula. Gogo wina wandigwira dzanja: "Musadziike m'mavuto mwana wanga, mwatithandiza kale."

Nkhani yakula ine ndisakudziwa. Akuti kukubwera msewu wa tara. Akuti wa mbali ziwiri, wa magetsi. Akuti pa mphambano padzakhala pozungulira magalimoto. Wometa wasuntha kale kashedi kake masitepe asanu. Bambo wina wandikalipira kuti mtengo wake ndinaudumpha, akuti ndili ndi tsankho. Ndamuuza kuti akondwere, wapulumuka. Madzulo ndadutsa, waudula ndithu, kuti asatsalire anzake.

Pali chimene ndaona lero, ndipo chikundisowetsa mtendere. Anthuwa sadana ndi mitengo. Mayi wa gwafa uja wandiuza kuti anabzala chaka chimene mwana wake woyamba anabadwa, ndipo podula analira. Analira, koma anadula. Chimene sangapirire n'choti mlendo abwere ndi lole, atenge, iwo ataimirira manja lende. Kuli bwino chiwonongeke ndi dzanja lako. Sindikuwaseka. Bambo anga anakhala zaka makumi awiri pa malo amene ukanatha kuuzidwa m'mawa kuti longedza, ndipo mpaka imfa yawo katundu wabwino ankamusunga m'sutikesi, osati m'kabati.

Nambala 3. A Mwale kulibe, ali ku Chulu akuthirira nazale ya fodya. Akazi awo andilandira bwino, mpando, madzi akumwa. "Amva kale pa foni. Abwera Loweruka ndi munthu wa makina."

Makina!

Ndawaimbira pomwepo. "Halo? A mlembi? Eee, zikomo kwambiri potidziwitsa nthawi yabwino..." Ndakuwa kuti ayi, ayi, musadule. Foni yaduka. Ndaimbanso kanayi. Kumene ali, netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha, ndipo atsikapo.

Yotsala chiimire: 44.

Nkhuni za gwafa zija a Nabanda aphikira nyemba. Ndadya, koma sizinatsike bwino.

Lachisanu

Ngati anthu sakumva mawu, ndichotse ekisi. Wa pa m'bawa choyamba.

Madzi ndi sopo: penti waseka.
Parafini: ekisi wawala kuposa kale.
Mwala: ndakhula mpaka zala kutupa.
Chikwanje, kuti ndipale khungwa pang'ono chabe.

Apa ndiye ndalakwitsa kawiri. Choyamba, m'kati mwa khungwa la m'bawa ndi mofiiranso. Ndapala, ndapala, ndabwerera m'mbuyo kuti ndione: ekisi yemweyo, koma tsopano wozokotedwa, woti akhala zaka. Ndipo pabalapo payamba kutuluka utomoni. Ndachita manyazi ngati ndaponda munthu wodwala.

Chachiwiri, wakabaza wina wandiona ndi chikwanje pa thunthu, wafuula: "Ayamba okha!" Wakwera njinga, ulendo. Mphindi imodzi imeneyo yagwetsa mitengo itatu kumunsi kwa msewu. Ndaimva ikugwa.

Ndapempha laimu kwa womanga nyumba, ndapaka pamwamba pake. Atauma, taonani: bwalo loyera la ngodya zinayi, pakati pake ekisi akuonekera. Wosoka nsapato wayang'ana nthawi yaitali. "Apa ndiye zatsimikizika," watero.

Ku ofesi. Wapansi, dzuwa lili pamutu, ndipo ndaona kuti njira yatalika chifukwa popumira pachepa. Mayi Chisale kulibe. Ali ku Lilongwe, ku msonkhano wa kasamalidwe ka mitengo ya m'matauni.

Ndawaimbira. Ndafotokoza zonse, osabisa.
"Wofiira?"
Eya, wofiira.
Kwamveka phokoso lina, kaya ndi kutsokomola kaya ndi chiyani. Kenako: "Ndibwera Lolemba ndi kalata, tidzachititsa msonkhano."
Ndati mayi, makina akubwera mawa.
"Auzeni adikire."

Auzeni adikire! Mawu amene anthu a kuno anawamvapo kale, n'kuona mapeto ake pa lole.

Ndalemba ndekha chidziwitso ndi zilembo zikuluzikulu, kuti mtengo uwu palibe akuufuna, eni ake asade nkhawa, ine mlembi. Ndamangirira pa thunthu ndi chingwe, poti msomali sindingathe, ndaupweteka kale mokwanira. Anthu asonkhana, awerenga. Mayi wa tomato wafunsa: "Chidindo chili pati?"

Palibe. Pepala lonena zoona likufunsidwa chidindo. Penti wa chitseko palibe anamufunsa.

Yotsala: 31.

A Nabanda, akupeta mpunga, osandiyang'ana: "Mawa mukawauze a Mwale za bambo anu." Ndati nkhani ya boma sitisakaniza ndi ya banja. "Boma lake ndinu," atero, "ndipo taonani."

Loweruka

Ndanyamula mpando wanga, ndakhala pansi pa m'bawa dzuwa lisanatuluke. Jekete ayi, fomu ayi. Ndili ndi mantha, ndilembe momveka.

Eyiti koloko, njinga yamoto. A Mwale kutsogolo, fumbi la ku Chulu mpaka m'nsidze, kumbuyo bambo wamfupi atafungata makina odulira mitengo ngati mwana wodwala. Patapita nthawi, ngolo ya ng'ombe.

Tapatsana moni wonse. Kunyumba, kumunda, nazale, mvula. Kenako ndanena: ekisi ndi wanga, penti ndi wa chitseko, msewu kulibe, buludoza kulibe, ndine ndinalakwitsa.

A Mwale amvetsera mpaka kumapeto. "Ndikukukhulupirirani a mlembi. Ndinu munthu wa tchalitchi. Koma fomu yanuyo ikupita kuti?"

Ku ofesi.

"Kukatani?"

Ndafotokoza za mndandanda wapadera, za kachitsulo ka nambala, za chilolezo. Ndimafotokoza monyadira, mpaka ndamva ndekha zimene ndikunena.

"Ndiye mtengo uli pakhomo panga, masamba pa malata anga, koma kuti ndidule nthambi ndikapemphe kwa munthu amene sanausesepo. Ukadali wanga?"

N'zoona, Lolemba lija ndinakweza dzanja kuti ndiwalande mtengo a Mwale, mwaulemu, ndi pepala, iwo ali kumunda. Lole ndinalibe, koma mtima wake unali womwewo. Anthu a misewu iwiri analakwitsa za tara, koma fungo analimva bwino.

Basi ndanena zimene a Nabanda anandiuza kuti ndinene. Za Mulanje, za utenanti, za lamulo loletsa kubzala, za dzenje limene linakumbidwa nyumba isanamangidwe. Kuti bambo ankathirira ndi madzi otsala posamba. Kuti chinthu chokha chimene anasiya pa dziko lino chili chiimire ndi ichi. Akabaza asiya kucheza, akumvetsera.

A Mwale avula chipewa. Nawonso ali ndi matenanti kumunda kwawo, mabanja awiri, ndipo ndaona kuti aganiza za iwo.

"Zaka zonsezi mukudutsa pano, bwanji osanena? Mukanangogogoda n'kunena kuti a Mwale, mtengo uwu ndi wa bambo anga. Tikanamwa tiyi."

Bwanji osanena? Ndinkaona ngati kupempha ndi kudzichepetsa. Fomu inkaoneka yaulemu.

A Mwale ayenda kuzungulira thunthu, ayang'ana kumwamba, ayang'ana ngolo. Chigafa chawo chinadyedwa ndi chiswe, fodya ali pa nazale akukula, sadikira munthu. Wa makina wachokera kutali. Ndipo Lolemba, kaya ndi tara kaya ndi kachitsulo, wina akubwera ndi pepala.

"Tichite chonchi a mlembi. Thunthu ndi la bambo anu, sindilikhudza, ngakhale ana anga ndiwauza. Nthambi ndi zanga."

Ndati zingati?

"Zimene zili zanga."

Wa makina wakwera. Phokoso lake ndilimva mpaka kumanda. Nthambi yoyamba inkalunjika pa benchi ya mayi wa tomato, ndiye pafunika anthu okoka chingwe. Akabaza agwira. Wosoka nsapato wagwira. Chingwe chinali chachitali, malo analipo. Nanenso ndagwira.

Pofika fili koloko ngolo yapita kawiri. Kumwamba kwatseguka, kwayera mbee, moti mphambano yaoneka yachilendo, yaing'ono, yauve. Galu wazungulira, wazungulira, wapita.

Lamulungu

Ku tchalitchi. Njira yonse anthu aphimba mitu, wina ambulera, wina chitenje, wina buku la nyimbo. Onse akundipatsa moni mwansangala. Palibe wandikwiyira. Pakhomo lililonse pali mulu wa nkhuni wokwana mpaka chaka chamawa, ndipo akuti tara akachedwa si mlandu wanga.

Ndamaliza fomu.
Yowerengedwa: 70.
Yoimirira: 26.
Mwa imeneyi, mapapaya: 9.

Tsamba lomaliza likufunsa malo oyenera kubzalapo mitengo yatsopano. Lolemba ndinkaona ngati limeneli ndiye lidzandivuta. Ndalemba mosavuta, malo 44, aliwonse ali ndi chitsa chosonyeza pamene pali nthaka yabwino. A wapampando, bondo lawo litachira, adutsa kudzaona. Akuti dera lathu tsopano lili ndi mthunzi wochepa kuposa madera onse, ndiye mbande zambiri zibwera kwa ife. Akuti ndagwira ntchito yotamandika. Sanali kuseka.

Pakhomo panga sipali pa mndandandawo. Eni nyumba safuna mizu pafupi ndi maziko. Dzulo ndinatola njere za m'bawa zodzaza dzanja pamene panagwera nthambi, zili m'thumba la jekete lakhaki. A Nabanda atsuka timapepala ta shuga, akuti tithiremo dothi, tiike pakhonde. Akuti za mtengo wa m'pepala eni nyumba sananenepo kanthu. Kumene udzapite ukakula sindikudziwa.

Mzere umodzi wa pa fomu unatsala: mthunzi wa nambala wani. Masitepe 26 aja ndinafufuta.

Ndapita masana. Dzuwa la Okutobala lili pa liwombo penipeni, thunthu laima lokha ndi bwalo lake loyera, mthunzi wake sukwana kubisa nsapato. Panalibe munthu. Ndabwerera.

Ndapitanso fili koloko. Mthunzi watuluka, wautali, wopyapyala, wadutsa msewu. Ndipo onse abwerera. Mayi wa tomato wakhala patsinde, kenako wosoka nsapato, kenako akabaza asanu ndi anayi, aliyense ndi njinga yake, wina kumbuyo kwa mnzake, mzere umodzi ngati wa kuchipatala. Pakapita kanthawi mthunzi ukusuntha, mzere wonse n'kusuntha nawo sitepe imodzi, osasiya nkhani.

"Madala, bwerani, malo alipo!"

Ndaima kumapeto. Mthunzi wa bambo wandifika m'maondo, mutu uli padzuwa. Iwo anabzala umodzi, osawerenga. Ine ndawerenga makumi asanu ndi awiri.

Ndatsamiritsa fomu pa chishalo cha njinga, ndalemba: "Nambala 1. M'bawa. Ulipo. Mthunzi: anthu khumi ndi mmodzi, ndi theka."

Mzere wasuntha. Nanenso ndasuntha.